Chafota, Sichinaume

Ndinatsika minibasi pa Lirangwe dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Febuluwale chaka cha 2024. Kuchokera ku Chileka kumene ndimaphunzitsa si kutali: ukafika pa Kameza umakwera ina yolowera ku Zalewa, n'kudutsa Lunzu ndi Matindi. Koma tsiku limenelo msewu unanditalikira chifukwa cha zimene ndinkaona mbali zonse ziwiri. Chimanga chimene nthawi ngati imeneyo chimabisa nyumba za anthu chinali cholekeza m'chiuno, masamba atapindika ngati a anyezi, chitatuwa kuti mbuu. Mvula inali itadula kuyambira m'Januwale.

Amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga, ndinawapeza kumunda atakhala pamthunzi wa mlambe, khasu lili pambali. Titapatsana moni ndinayang'ana mizere n'kunena zimene zinali pamtima panga.

"Amayi, chimanga chonsechi chauma."

Anandiyang'ana ngati ndalengeza maliro a munthu amene akadapuma.

"Usatero mwanawe. Chafota. Sichinaume. Ugone konkuno, udzachione m'mamawa."

Tinalawira kunja kukadali kachisisira. Kumunsi kwa munda, kumene dothi ndi lakuda, masamba amene dzulo lake anali opindika anali atatambasuka, ena ataweramira pansi mwaulemu monga chimachitira chimanga chokhuta. Amayi anakanda phesi limodzi ndi chikhadabo, pakhungu pake panatuluka kamadzi. "Ichi chili moyo. Mvula itagwa sabata ino, tidya." Kenako tinakwera kumtunda, kumene kuli nsangalabwi ndipo khasu limalira likamenya pansi. Kumeneko masamba anali opindikabe ngakhale dzuwa linali lisanatuluke, nsonga zake zitafiira. Anathyola tsamba limodzi n'kulifikisa m'manja, ndipo linangofumbutuka ngati fodya. "Ichi ndiye chatisiya."

Pobwerera ku Chileka Lamlungu madzulo, mawu awiriwo ankangolira m'mutu mwanga. Ndine mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikulemba pabolodi mawu anayi motsatizana: wilt, wither, shrivel, dry up. Kutsogolo kwake ndinkajambula mzere umodzi wowakuta onse n'kulemba liwu limodzi, kuuma. Inenso anandiphunzitsa chomwecho, ndipo ana ankakhoza nazo mayeso a Sitandade 8. Sindinkaonapo cholakwika mpaka tsiku limene mayi wosadziwa Chingerezi anandiletsa kuika m'manda chimanga chamoyo. Ana a m'kalasi mwanga ndi ana a alimi a kwa Kuntaja ndi kwa Kunthembwe. Kwawo amadziwa bwino kusiyana kwa therere lofota ndi therere louma. Akalowa m'kalasi, mzere wanga uja unkawalanda nzeru imeneyo m'zilankhulo ziwiri nthawi imodzi.

Pajatu Chingerezi nachonso sichiwaunjika pamodzi mawu amenewa. Wilt ndi kufota kwenikweni, kufota kwa mpiru umene mayi wa pamsika wa Lunzu amauwaza madzi masana kuti udzuke wogula asanadutse. Chinthucho chalefuka, chili lende, koma khomo lobwerera likadali lotsegula. Azungu amalinenanso kwa munthu amene wathedwa mphamvu ndi kutentha, amene akamwa madzi n'kupuma pamthunzi amadzukanso. Wither ndiye lapita patsogolo. Mtundu wasintha, moyo ukuchoka, ndipo kawirikawiri subwerera. N'chifukwa chake amalinena pa chikondi chimene chikutha pang'onopang'ono, kapena chiyembekezo chimene munthu wachisunga nthawi yaitali osachiona. Akatswiri a mbiri ya mawu amati wither linachokera kumodzi ndi weather, liwu la nyengo, ngati kunena chinthu chimene chasiyidwa pabwalo kuti dzuwa ndi mphepo zichite nacho zimene zikufuna. Kwathu kufota kumafika mpaka kumeneko, n'kukumana ndi kunyala. Malire a mawu athu ndi a mawu awo sagwera pamzere umodzi, ndipo mphunzitsi woona mtima ayenera kuwauza ana zimenezo m'malo mowanamiza kuti liwu lililonse lili ndi mnzake wofanana naye kutsidya.

Shrivel silisamala kwenikweni za moyo kapena imfa. Limayang'ana maonekedwe: kuchepa ndi kuchita makwinya, kumene ife timati kukhwinyata. Phwetekere woiwalika pawindo, mango ogwa asanakhwime, zala za mwana amene wakhalitsa m'madzi, njere ya chimanga imene inasowa chodzazira. Nkhope ya munthu wokalamba kwambiri ili ndi liwu lakelake, wizened. Dothi long'ambika ndi kukhosi kwa munthu waludzu amazipatsa liwu limodzi, parched, ndipo ife timagwirizana nawo tikamati kukhosi kwauma.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, anakumana ndi vuto lomweli pa nkhani ya munthu amene anachiritsidwa dzanja m'sunagoge. Pamene Baibulo lachingerezi limati dzanja lake linali withered, iwo anasankha kupuwala. Ndimawayamikira. Akanalemba za kuuma kwa dzanja, ife tikanamva za munthu woumira, wosatulutsa ndi tambala yomwe. Kuuma kwathu kuli ndi ntchito zambiri pathupi la munthu: wouma mutu samva sukulu, wouma mtima samva chisoni, wouma khosi samva malangizo, wouma m'maso sachita manyazi. Palibe ndi limodzi lomwe mwa amenewa limene mungalitembenuze ndi dry n'kumveka.

Ndiye pali dry up, limene amalinena pa chitsime, pa mtsinje, pa ndalama, ngakhale pa munthu amene mawu amuthera ali mkati molankhula. Pano Chichewa chimaona chinthu chimene Chingerezi chimachidumpha: madzi amaphwa, mtsinje ndiwo umauma. Mtsinje wa Lirangwe mukauona m'mwezi wa Okutobala ndi mchenga wokhawokha, mbuzi zikuyenda pakati pake. Koma amayi amafukula dzenje lofika m'chigongono, n'kudikira, ndipo madzi amabwera pang'onopang'ono mpaka kudzaza chikho. Aphwa pamwamba, pansi alimo. Nyanja ya Chilwa inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ong'ambika, koma nthawi zonsezo madzi anabwerera, matemba nawo n'kubwerera. Munthu amene amati madzi aphwa amakhala akudziwa kuti nkhani siinathe.

Zimene amayi aakulu anandionetsa m'mamawa uja zili ndi chifukwa chake. Mmera umaima chilili chifukwa cha madzi odzaza m'timaselo take, monga mmene chubu cha njinga chimalimbira chikapopedwa. Masana masamba amataya madzi, mizu n'kumakoka ena m'nthaka. Otayika akachuluka kuposa okokedwa, mphamvu ija imachepa ndipo mmera umalefuka. Chimanga chimapinda masamba ake kuti dzuwa liwombe malo ochepa. Usiku kutaya kumachepa, mizu imapeza mpata wobweza ngongole, ndipo pofika m'mawa tsamba latambasuka. Koma chinyezi m'dothi chikachepa kufika pamlingo wina, mizu imalephereratu kuchikoka, ndipo usiku suthandizanso kanthu. M'chaka cha 1912 akatswiri awiri a ku America, Lyman Briggs ndi Homer Shantz, anafufuza mlingo umenewo, umene lero a zaulimi amautcha permanent wilting point. Muyeso wake ndi womwe uja wa amayi: uone ngati mbewu idzuka itagona mumpweya wachinyezi, dzuwa lisanaikhudzenso. Dothi lansangalabwi la kumtunda kuja silisunga madzi, choncho linafika msanga pamlingowo, pamene lakuda la kumunsi linkagwirabe.

Ndipo amayi sanalakwitse ponena kuti sabata ino. Chimanga chinali chikumasula. Ngayaye zikatuluka zimagwetsa mungu kwa masiku owerengeka chabe, ndipo kandevu kalikonse kayenera kulandira mungu kuti pachitsononkho pakhale njere imodzi. Kukakhala kopanda madzi ndevu zimachedwa kutuluka, n'kupeza mungu watha kale. Mvula ikhoza kubwera pambuyo pake, phesi n'kubiriwiranso, koma ukasenda makoko umapeza chitsononkho chamagweru, njere pano, njere apo.

Mvula siinagwe sabata imeneyo. Siinagwenso yotsatira.

Nditabwereranso kumayambiriro kwa Malichi, sindinafunikire kudikira m'mawa. Mbali yaikulu ya munda inali itafiira, ikuchita phokoso mphepo ikawomba. Amayi sananenenso kuti chafota. Anati chawauka, liwu limene timanena pa nkhuku yotenthedwa nthenga pamoto kapena nsalu imene yayandikira mbaula. Tsiku lomwelo m'mudzimo munafika mnyamata wotumidwa ndi bungwe lina kudzalemba mmene minda yaonongekera. Anali waulemu, anagwada popereka moni, ndipo ankalankhula Chichewa chabwino. Koma mafunso a m'tabuleti yake anali m'Chingerezi, ndipo yankho lililonse linayenera kugwera m'kabokosi.

"Agogo, chimanga chanu chili bwanji?"

"Chakumtunda chinauma kale. Chapakati chawauka. Chakumunsi chaima, koma chilibe mwana."

Mnyamatayo anayang'ana pagalasi kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, pano pali wilted, pali dried up, pali normal. Ichi chakumunsichi ndichiike pati? Poti n'chobiriwira."

Ndinamva thupi langa kuzizira. Chimanga chakumunsi chinalidi chobiriwirako, ndipo munthu wodutsa pagalimoto akanati pamenepo adya. Akanasindikiza normal, munda umenewo ukanalowa m'chiwerengero cha minda yabwino. Akanasindikiza wilted, wowerenga ku ofesi akanamva kuti mvula ikagwa chidzuka. Zoona zake zinali m'mawu a amayi, akuti chilibe mwana, ndipo mawu amenewo analibe kabokosi. Tinapita naye pamzere, tinasenda makoko a zitsononkho zisanu, ndipo anaziona yekha. Anapeza malo olembapo ndemanga kumapeto kwa mafunso n'kulemba zimene anaonazo. Atachoka ndinakhala ndikuganiza za minda ina yonse imene analowa tsiku limenelo, ndi za anyamata ena onyamula matabuleti m'maboma ena, amene ambiri a iwo anaphunzira Chingerezi pabolodi longa langa, pamene mawu anayi anali liwu limodzi. Pakati pa wilted ndi dried up pakhoza kudutsa thumba la chimanga cha thandizo, kulowa m'nyumba kapena kuipitirira.

Pawailesi nkhani zachingerezi zinkati prolonged dry spells, zachichewa zinkati ng'amba. Amayi sankagwirizana nazo. "Ng'amba timaidziwa, imabwera chaka ndi chaka, sabata ziwiri kapena zitatu, chimanga n'kufota n'kudzukanso. Ichi si ng'amba. Ichi n'chilala." Chingerezi chili ndi malire omwewo pakati pa dry spell ndi drought, ndipo drought ndi mwana wa dry. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha nyengo ya El Niño, ndipo mabanja a alimi pafupifupi 2 miliyoni anali atakhudzidwa. Chaka chimodzi chokha chinali chitadutsa kuchokera pamene namondwe Freddy anakokolola nyumba ndi anthu mu Blantyre yemweyu. Amayi anamva chilengezocho pawailesi ya mdzukulu wawo ndipo sanayankhe kanthu. Iwo anali atalengeza kale.

Kusamala kwawo ndi mawu kuli ndi kumene kunachokera. Anali kamtsikana kongoyamba kusenza mtsuko pamene kunagwa njala ya 1949. Mvula inadula kumapeto kwa 1948, ndipo midzi ya kumunsi kwa boma la Blantyre, kuno kotentha kotsikira ku Shire, inali m'gulu la imene inavutika koposa. Amuna ankayenda wapansi kupita ku Mwanza, ku Neno ndi ku Ntcheu kukasuma, ena ankabwera ndi kathumba pamutu, ena anakakwatira komweko osabweranso. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby linagawa chimanga, ndipo kumayambiriro kwa 1950 linatsegula misasa yodyetserako ofooka. Mabuku a boma anawerenga anthu pafupifupi 200 kuti ndiwo anafa ndi njala, chiwerengero chimene ambiri amati n'chochepa. Megan Vaughan, amene anayenda m'midzi ya boma lino kumvetsera amayi amene anaiona njalayo, anatulutsa buku lake la nkhaniyi mu 1987. Koma ine ndinaimva pamkeka, usiku wa ulendo wa Malichi uja, ndipo chimene chinandigwira ndi chakuti amayi ankafotokoza matupi a anthu ndi mawu omwe aja a kumunda. Mwana ankayamba ndi kufota, kusiya kusewera, kungokhala lende pamsana pa mayi wake. Kenako ankanyentchera. Khungu la m'matako linkakhwinyata ngati la nkhalamba. Mawere a amayi ankauma. "Wofota tinkamupatsa phala n'kudzuka," anatero. "Ena phala linkawapeza mochedwa." Anasiyira pomwepo, ndipo ine sindinafunse dzina la amene ankamuganizira.

Kuyambira usiku umenewo ndinamvetsa chifukwa chake anandidzudzula pansi pa mlambe. Kwa munthu amene anaona zimenezo, kunena kuti chauma chinthu chimene changofota ndi kutaya khasu nthawi yolima isanathe. Kunenanso kuti changofota chinthu chimene chauma ndi kukhala pansi kudikira mvula pamene ukanayamba kale ulendo wokasuma.

Komatu kuuma si mdani. Chimanga chomwecho, chikakhwima bwino, timachifuna chiume kuti gwa chisanalowe m'nkhokwe kapena m'thumba. Alangizi amati chinyezi chake chitsike kufika pa maperesenti 13 kapena cha pomwepo, amayi amangoluma njere n'kumva ngati ikuthetheka pamano. Chikalowa chachiwisi chimachita nkhungu. Ndipo masabata omwe aja dzuwa linkapsereza munda, pakhomo pa amayi panali mikeka itatu yoyanikapo. M'mamawa uliwonse ankathyola chitambe ndi nkhwani zisanafote, ankaziwiritsa pang'ono, n'kuzimwaza padzuwa. Pofika tsiku lachitatu zinali mfutso, wakuda, wopepuka, wonunkhira, ndipo ankaukulunga m'zikwatu n'kupachika kudenga la khitchini. Dzuwa ndi lomwelo, tsamba ndi lomwelo. Likaumira pamtengo wake latayika. Likathyoledwa lili moyo n'kuyanikidwa ndi dzanja la munthu, m'Okutobala limalowa mumphika, limamwa madzi, limafewa, n'kukhala ndiwo yotendera. Makaka a chinangwa, usipa wa pathandala, therere lopera, zonsezi ndi chakudya chimene tinachilanditsa pochiumitsa tokha nthawi isanatiumitsire. Apa Chingerezi chinandithandiza kuona chimene ndinkachidziwa osachitchula. Munthu akhoza kunena kuti I dried the leaves, n'kukhala ntchito yabwino ya manja ake, koma withered leaves palibe amene amaziika mumphika. Ife tili ndi kuyanika, kufutsa ndi kuwamba, mawu atatu a kuumitsa kwadala, ndipo sindinawalembepo pabolodi langa ndi tsiku limodzi lomwe.

Teremu yotsatira ndinalowa m'kalasi ndi bonongwe m'manja, wina wozulidwa m'mawa womwewo n'kusiyidwa padzuwa ola limodzi, wina wa masiku anayi, ndi phwetekere wokhwinyata, ndi kachikwatu kamene amayi anandipatsa. Bonongwe yense tinamuika m'chitini cha madzi n'kupitiriza phunziro. Belu lopumira lisanalire, wa m'mawa uja anali atadzutsa mutu, winayo ali chigonere. Sindinafunikire kufotokoza zambiri za wilt ndi wither. Ana okha anayamba kukangana, wina akuti kwawo amati kunyala, wina akuti agogo ake amati kulobodoka, ndipo mtsikana wina wa kumbuyo, amene kawirikawiri satsegula pakamwa, anafunsa kuti mfutso tiutchule chiyani m'Chingerezi poti wauma koma sunafe.

Ku Lirangwe mvula inabwera m'Malichi momwemo, mochedwa kwa chimanga. Nandolo wa m'mizere, amene mizu yake imapita pansi kwambiri, anangogwedeza masamba n'kupitiriza kukula ngati palibe chinachitika. Mapira a m'malire a munda anatambasula masamba n'kutulutsa ngala. Amayi anadula mapesi a kumunsi, anaunda mizere yatsopano, n'kutuma mdzukulu kukapempha mbewu ya mbatata kudimba la mnzawo. Ndinawathandiza kubzala Loweruka lina. Pofika masana zingwe zonse za kholowa zinali zitagona pamizere, masamba ali lende, atamatirira kudothi lotentha ngati nsanza. Ndinaima kumapeto kwa mzere n'kumaziyang'ana, ndipo amayi anaona nkhope yanga.

"Watani, mwanawe?"

"Zafota, amayi."

"Eya, zafota." Anapukuta manja pachitenje n'kunyamula khasu. "Ubwere Loweruka linalo. Ulawire."